Zivindikiro Zofiira za Pansi pa Katungwe

A Sajeni anafika pabwalo Lachiwiri m'mawa, ine nditaima kunja kwa geti ngati mlendo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikutsegula getilo ndi manja angawa, koma tsikulo Abwana a ku ofesi yoyang'anira mabwalo anali atandilanda makiyi. Anati ndikadikire kunyumba mpaka apolisi anene ngati mwana uja anavulala chifukwa cha ulesi wanga. Kunyumbako sindinakhaleko. Mkazi wanga ankangondiyang'ana ndi maso achisoni, ndipo ine chisoni cha anthu chimandiyabwa.

Ntchito yanga ndi kusamala bwalo losewerera ana lomwe lili pakati pa nyumba za m'dera lathu. Muli akatungwe atatu, chotsetserekapo chimodzi ndi zitsulo zokwerapo. Anthu amaganiza kuti ndimangosesa masamba. Sadziwa kuti m'mawa uliwonse ndimagwedeza mizati yonse, ndimapapasa matcheni kufuna mphete yodyeka, ndimamanga mabawuti, kenako ndimabaya mchenga ndi ndodo yachitsulo kuti ndione kuya kwake. Mwana akaphonya tcheni amagwera pansi, choncho pansipo ndiye pamafunika maso kwambiri. N'chifukwa chake ana amanditcha Amchenga.

Dzulo lake, Lolemba masana, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi anagwa pa katungwe wapakati. Timamutcha Kambalame chifukwa akakwera safuna kutsika. Ana amagwa pamenepo sabata iliyonse, amalira pang'ono, amadzisasa n'kukweranso. Iyeyu sanadzuke. Mkono unathyoka pawiri, mutu n'kung'ambika pamwamba pa khutu. Atamutengera kuchipatala ndinapalasa ndi dzanja pomwe anagwera, ndipo pansi pa kamchenga kosapitirira zala ziwiri ndinakhudza zibenthu za njerwa ndi dothi lotsendera. Mchenga wanga, wofika m'bondo, unali utapita.

A Sajeni ndi mayi wamfupi, wolankhula motsitsa ngati pali khanda lagona pafupi. Atandiona anafunsa ngati ndine Amchenga, n'kuuza mlonda kuti anditsegulire. Anati iwo bwalo la ana sadziwa kuliwerenga, ndiwawerengere ineyo.

Ndinawaonetsa mzere wa penti yachikasu womwe ndinajambula m'munsi mwa mzati uliwonse, pomwe mchenga uyenera kulekeza. Mchenga unali pamzere ndendende, wosalazidwa bwino. Anabwereka ndodo yanga n'kubaya pansi pa katungwe woyamba, wapafupi ndi geti, ndipo inalowa mwakachetechete. Anabaya pa wachitatu, chimodzimodzi. Atabaya pa wapakati, ndodo inalira n'kuwanjenjemeretsa dzanja.

Ndinawauzanso za zivindikiro. Pansi pa katungwe aliyense ndimakwirirapo zivindikiro zinayi zofiira zapulasitiki, zazikulu ngati chikhatho, chapakati pa kuya kwa mchenga. Mapazi a ana akakokolola mchenga mpaka chofiira n'kusuzumira, ndimadziwa kuti nthawi yothira wina yakwana. Zonse ndinazilemba manambala ndi penti yachikasu yomwe ija, kuyambira 1 mpaka 12. Palibe buku lomwe linandiphunzitsa zimenezi, ndi nzeru zanga ndekha, ndipo Abwana atazimva koyamba anaseka mpaka kutsokomola. Tinafukula pa katungwe wapakati, pomwe panayenera kukhala 5 mpaka 8. Sitinapeze ndi chimodzi chomwe.

A Sajeni anayang'ana geti, n'kuyang'ana katungwe woyamba. Anafunsa chifukwa chomwe munthu wokankha wilibala yolemera angalumphire mchenga wapafupi n'kukakumba wapakati. Ndinayankha kuti sindikudziwa, kungoti katungwe wapakatiyo ndinali nditamumasula Lachisanu kuti matcheni ake akawotchereredwe, ndipo ndinamupachikanso Lolemba m'mawa.

"Ndiye kuti wakubayu anasankha pomwe panalibe katungwe," anatero. "Amaganizirako ana. Nanga inu, Amchenga, Lolemba m'mawa mutapachika matcheniwo, munabaya ndi ndodo?"



*

Ndikanatha kunama. Panalibe wondiona m'mawa umenewo kupatula akhwangwala. Koma mayiwo anafunsa ngati munthu wofuna kudziwa, osati wofuna kukola, ndiye ndinanena zoona. Sindinabaye. Ndinali wokondwa kuti matcheni atha msanga, ndinawapachika, ndinakhala pa katungwe ndi thupi langa lonseli kuti ndimuyese, ndinayang'ana mzere wachikasu n'kuona mchenga uli pamalo pake. Ndodo ndinaisiya itatsamira mpanda, ndikuti ndibaya ndikamwa tiyi, ndipo tiyi atatha kunabwera zina.

Analemba zimenezi m'kabuku kawo. Ndinkayembekeza kuti akatseka n'kundiuza kuti nkhani yathera pomwepo. Sanakatseke, anangotembenuza tsamba n'kuitana mlonda.

Mlonda wathu ndi munthu woti akayamba kulumbira udziwe kuti bodza lili panjira. Lamlungu bwalo limakhala lotseka, ndipo iye analumbirira makolo ake onse kuti sanachoke pageti ngakhale mphindi imodzi. A Sajeni anamuyamikira kuti wameta bwino, n'kufunsa kuti wameta liti. Anati Lamlungu. Atazindikira chimene wanena anayamba kukanda m'mutu momwe munalibe tsitsimo. Zinapezeka kuti anachoka itangokwana 12 koloko, ndipo kometako anapeza anzake akuonera mpira, n'kubwerako cha m'ma 4. Loko anamupeza ali wokhoma ngati mmene anamusiyira. Makiyi a lokoyo alipo atatu: anga, a mlonda, ndi ena omwe amasunga Mlembi wa komiti ya makolo.

Kenako tinapita kwa mayi wogulitsa malalanje kunja kwa geti, yemwe sanadikire n'komwe kufunsidwa.

"Ine ndinawaona, a Sajeni, ndi maso angawa. Lamlungu cha m'ma 2, ndikuchokera kwa achemwali anga, aja akudwala miyendo aja. Ndikuona munthu wavala ovolosi ndi chipewa, akukankha wilibala kutuluka. Ndinakuwa, Amchenga, ndi Lamlungu lomwe simupuma? Anangokweza dzanja osatembenuka. Ndinati kaya lero akwiya ndi ndani."

Mayi ameneyu ndimamusungira dengu lake m'kanyumba ka zipangizo mvula ikamagwa, ndipo apa anali akundimanga ndi mtima woyera, akumwetulira.

A Sajeni anamufunsa chomwe chinamuchititsa kucheuka poyamba. Anati phokoso, wilibalayo inkalira ngati kagalu kopondedwa mchira, ankaimva ali kutsidya kwa msewu. Pamenepo a Sajeni anandiuza kuti nditulutse wilibala yanga, ndiidzaze mchenga, ndizungulire bwalo. Ndinazungulira kawiri. Ine ndimathira mafuta ngakhale mahinjesi a chitseko cha chimbudzi, ndiye wilibala yanga inayenda ngati mphaka. Mayi wa malalanje anagwira pakamwa n'kuvomera kuti si imeneyi, ndiponso munthu uja, akakumbukira bwino, anali wamtali kuposa ine. Kunena zoona, kupeza munthu wamtali kuposa ine si ntchito.

Asanachoke, a Sajeni anamufunsa za Lolemba, mwana atagwa. Mayiyo anati bambo ake anafika akuthamanga, tayi ali kumsana, ndipo asanamugwire n'komwe mwanayo, anayang'ana katungwe n'kundikalipira ine Amchenga.

"Anati chiyani?"

"Anati, paja munati Lachitatu! Kawiri konse. Ine ndinangoti mutu wawasokonekera, poti linali Lolemba."

Mawuwo ndinawamvadi tsikulo, koma makutu anga anali pa kulira kwa mwana. A Sajeni anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti Lachitatu kunayenera kuchitika chiyani.

*

Yankho linali kwa Wowotcherera, yemwe anakonza matcheni aja, ndiye tinapita kushedi kwake, kuseri kwa sitolo ya matayala. Munthuyu makutu anatha ndi phokoso la zitsulo, choncho amalankhula ngati aliyense ali kuphiri. Atamva kuti ndikuganiziridwa anaponya magalasi ake akuda pansi.

"Uyu? Lamlungu? Anali pano kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, akundigwirira matcheni, akundiphunzitsa ntchito yanga! Mphete iliyonse ankafuna aione kawiri. Taonani mkono wa malaya akewo, ndi moto wanga umenewo. Akanakhala kuti anapita kukaba mchenga ndikanathokoza, ndikanapumako."

Sindinayambe ndasangalalapo chonchi ndi chipongwe. Anafotokozanso kuti poyamba anandilonjeza Lachitatu chifukwa anali ndi mageti a anthu awiri, koma mwini wa geti lina anasintha maganizo, mpata n'kupezeka Lamlungu.

Tili panja a Sajeni anandifunsa kuti za Lachitatuzo ndinauza ndani. Ndinaganiza. Mlonda sindinamuuze, iye ukamuuza chinthu amaiwala usanatseke pakamwa. Abwana sindinawauze, tcheni si nkhani yovutitsira ofesi. Ndinauza munthu mmodzi yekha, Lachisanu madzulo pageti, kuti adziwitse makolo anzake kuti katungwe wapakati kulibe mpaka Lachitatu. Munthuyo anali Mlembi wa komiti, wosunga makiyi achitatu aja. Ndipo Mlembiyo ndi bambo ake a Kambalame.

Ndinakana. Ndinati a Sajeni, apa ndiye mwasochera. Bamboyu amabwera ndi mwana wake Loweruka lililonse, amamukankha pa katungwe mpaka manja kuwawa, ndipo ndi iyeyo amene analemba kalata kwa Abwana Lolemba lomwelo kuti ndichotsedwe ntchito. Kalatayo inandipweteka, koma sindinamuimbe mlandu. Mwana wanga atagona m'chipatala, nanenso ndikanafuna mutu wa munthu.

Sanatsutsane nane. Anangoti bambo woona mwana wake ali pansi amathamangira mwanayo, sayamba ndi kufunsa tsiku. Anati mwina akulakwitsa, ndipo akanakonda atalakwitsa, koma tiyeni tikamuzonde wodwala.

*

Kambalame tinamupeza atakhala tsonga pabedi la pafupi ndi zenera, mkono uli m'chikhakha, mutu wokulungidwa bandeji. Mayi ake anali atapita kukatenga mankhwala. Bambo ake anali pampando, ndevu zosameta, maso ofiira. Atandiona anaimirira n'kufunsa a Sajeni kuti munthu ameneyu akudzatani kuno. Iwo anayankha kuti ndabwera nawo, ndipo anakhala pansi.

Mwanayo analibe nane chifukwa. Anandiitana mokondwa, Amchenga, bwerani mudzadye, chidole changa chaphika. Pabulangete anali atayala mbale zitatu, iliyonse ili ndi tizidutswa ta bisiketi. Ndinawerama kuti ndilandire yanga, ndipo dzanja langa linaima m'malere. Mbalezo zinali zofiira, zapulasitiki, zazikulu ngati chikhatho. Pansi pa zinyenyeswa za bisiketi pankaoneka nambala 6 yachikasu, yopendekera kumanja monga ndimalembera ine.

A Sajeni anakhala m'mphepete mwa bedi, anatenga mbale yawo, n'kudya bisiketiyo mwaulemu wonse. Anayamikira wophika, kenako anafunsa kuti mbale zokongola chonchi amagula kuti.

"Sindinagule, ndinatola kunyumba," anatero Kambalame. "Amisiri amasefa mchenga, zinatsalira pa sefa. Adadi akundimangira chipinda changachanga, chokhala ndi zenera. Mchengawo anabweretsa okha pa wilibala, anatuluka thukuta mpaka ndinawapatsa madzi."

Sindinayang'ane bambowo. Ndinkangomva mpando wawo ukulira pang'onopang'ono. Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu, ndipo mawu anali atafika kale pamilomo. Munthu wandiipitsira dzina dera lonse, mkazi wanga akulephera kupita kumsika, pomwe mchenga wanga uli pakhoma la nyumba yake. Ndikanalankhula pamenepo, pamaso pa mwana. A Sajeni anandiponda chala cha phazi ndi nsapato yawo yolemera ija, nkhope ikumwetulirabe kwa Kambalame. Anapukuta mbale ndi chala, anaibweza, n'kupempha bambo ake kuti akawasonyeze pogulitsira madzi akumwa. Mpaka lero ndimathokoza nsapato imeneyo.

M'khonde bamboyo sanadikire funso. Anatsamira khoma n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi, munthu wovala tayi. Anati mmisiri anamuuza Lamlungu m'mawa kuti mchenga wopulasitalira watha, ndipo akapanda kumaliza tsikulo apita kukagwira ntchito kwina mwezi wathunthu. Lole ya mchenga inali yoti ibwera Lachiwiri. Makiyi anali m'thumba, katungwe wapakati kulibe mpaka Lachitatu. Anati angobwereka, Lachiwiri madzulo abweza, palibe adzadziwe. Dzenjelo analikwirira ndi zibenthu za panyumba pake kuti mwana asagweremo, n'kuwaza mchenga pamwamba mpaka pamzere wachikasu, chifukwa ankadziwa kuti ndimayang'ana pamenepo.

"Nanga kalata ija?" anafunsa a Sajeni.

"Mkazi wanga ankafunsa kuti walakwa ndani. Apongozi ankafunsa. Ndikanati chiyani? Chipindacho ndimamangira iye yemweyo." Anaphimba nkhope. "Amchenga, ndilibe pakamwa."

Mkwiyo wanga unasowa pogwira. Ndinamuuza kuti nanenso ndili ndi langa: ndikanabaya ndi ndodo Lolemba m'mawa, mwana wake bwenzi ali kusukulu. Tinakhala pamenepo amuna awiri akuluakulu, wina pansi wina chiimire, anamwino akutilambalala ndi matireyi awo.

*

A Sajeni analemba zonse monga zinalili, osandichotsera kapena kundiwonjezera. Za ndodo yotsamira mpanda zinalowa, za Wowotcherera zinalowa, za zivindikiro zinalowa ndi manambala ake. Ndinawapempha kuti za bambo uja azione ndi diso lachifundo. Anati zimenezo akaweruza ndi a khoti, si iwo kapena ine, koma kuvomera kwake akakunena. Abwana anandipatsa kalata yondichenjeza, yomwe ndinailandira ndi manja awiri chifukwa inali yondiyenera, n'kundibwezera makiyi. Ananenanso, akuyang'ana kumbali, kuti mabwalo enawo ayambe kukwirira zivindikiro.

Ndinapita kupolisi kukathokoza. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma nditafika ndinangoti zikomo, a Sajeni, mwandibwezera dzina. Anati dzinalo ndinadzibwezera ndekha pamene ndinavomera za ndodo, chifukwa munthu woba mchenga sakanadziulula pa chinthu chomwe palibe anachiona. Kenako anandifunsa ngati chala chinapola.

Patapita masabata awiri, Loweruka m'mawa, ndinamva kulira kwa kagalu kopondedwa mchira kukuchokera kumsewu. Anali bambo uja, wavala ovolosi, akukankha wilibala yodzaza mchenga watsopano. Ukomiti anali atausiya, tsiku lake la kukhoti likudikira. Pambuyo pake pankabwera Kambalame, chikhakha chitadzaza zojambula za anzake. Katungwe wapakati ndinali nditamumasulanso, zibenthu nditazichotsa, dzenje lili pululu.

Sitinalankhulane zambiri. Ndinamupatsa sefa wanga, chifukwa m'bwalo langa simulowa mchenga wosasefa ngakhale ubwere ndi misozi. Anasefa, anathira, anabwerera kukatenga wina. Ulendo wachisanu ndi chimodzi dzenje linafika pakati, ndipo Kambalame anatulutsa mbale zake zitatu m'kachikwama. Anati adadi amuuza kuti ndi zanga. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Amchenga, amene anaba mchenga uja anamugwira?"

Ndinayang'ana fosholo yanga. Ndinati chachikulu n'choti mchenga wabwera, mwanangu. Ndinkaganiza kuti ndathandiza, ndipo ndinali wokonzeka kukhala ndi yankho limenelo mpaka kumanda.

Bambo ake anatula wilibala. Anapisa dzanja m'thumba la ovolosi n'kutulutsa chivindikiro chofiira chokhala ndi nambala 7, chomwe anati anachipeza pansi pa mulu wa mchenga kunyumba kwake tsiku lotsatira ngoziyo. Anagwada mumchenga kuti alingane ndi mwana wake.

"Ndine, mwanangu. Ndinautenga ndine kukamangira chipinda chako. Amchenga sanabe kanthu. Mkono wakowo ndinakupweteka ndine."

Kambalame anayang'ana chivindikirocho, n'kuyang'ana chikhakha chake. Kenako anasanjikiza mbale zake zitatu pamwamba pa ya bambo akeyo.

"Ndiye mukwirire ndinu," anatero. "Muthire wambiri."

Anakwirira zonse zinayi, 5 mpaka 8, ine ndikumulozera malo. Anathira mpaka mchenga unapitirira mzere wachikasu, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinadandaule kuti muyeso walakwika. Atamaliza ndinatenga ndodo pampanda n'kumupatsa. Anabaya pakati penipeni, pomwe mwana wake anagwera. Ndodo inalowa mpaka m'bondo osalira.